Ulendo wa Princess Mulipa

Foni inalira tili pa msika wa Nsanama, amayi akumuyezera munthu mpunga. Ndinayankha ndine chifukwa manja awo anali otanganidwa.

"Ndikufuna kuyankhula ndi Princess," anatero mawu a bambo.

"Ndine, aphunzitsi." Ndinali nditawazindikira kale. Anali a Sabiti, omwe ankatiphunzitsa Chingerezi mu Fomu 4.

"Ngati waimirira, khala pansi kaye. Chimangirizo chako chija chapambana."

Ndinakhaladi pansi, pa thumba la mpunga. Tisanalembe mayeso omaliza, bungwe lina lolimbikitsa ulimi wa mpunga linachititsa mpikisano wa zimangirizo m'masukulu a sekondale. Ine ndinalemba za mbewu yomwe amayi amasunga mu mtsuko, yomwe makolo awo anabwera nayo kuchokera ku Mozambique, ndi mmene amaiviikira m'madzi asanafese. Ndinalemba chifukwa a Sabiti anati aliyense alembe. Tsopano ankandiuza kuti ophunzira asanu opambana apita ku Thailand kwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo mmodzi mwa asanuwo ndinali ine.

"Ubwere mawa kusukulu udzatenge kalata," anatero. "Ubwere ndi chiphaso chako cha unzika. Pasipoti ikufunika msanga."

Nditadula foni, amayi anandifunsa kuti kwagwanji. Nditawauza, anasiya mbale pansi n'kuyamba kuuza amayi onse ogulitsa pa mzere wathu. Ine ndinkangoganiza za chiphasocho.

Dzina langa ndine Matilda Nakoma. Ndi lomwe lili pa chiphaso changa, ndi lomwe anandibatiza nalo. Koma nditalemba mayeso a Sitandade 8 koyamba sindinasankhidwe kupita ku sekondale. Kwathu anthu ankakhulupirira kuti mwana wobwereza ndi dzina lomwelo sasankhidwa, choncho ambiri ankabwereza ndi dzina lina. Chaka chomwecho msuweni wanga Princess, mwana wa amalume a Yotamu Mulipa a ku Rivirivi, anasiya sukulu ali mu Sitandade 8 chifukwa cha mimba. Dzina lake linali likadali m'kaundula. Amalume anakambirana ndi a hedi a pa sukulupo, ine ndinasamukira ku Rivirivi, n'kukakhala pa malo pake. Ndinakhoza, ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko ku Balaka. Zaka zinayi zonse anzanga ankanditchula Princess. Poyamba ndinkaiwala kutembenuka. Kenako ndinazolowera, moti ndikabwera ku tchuthi amayi ankachita kundiitana kawiri.

Mawa lake a Sabiti anayang'ana chiphaso changa, n'kuyang'ana kalata, n'kundiyang'ananso ine. Ndinawafotokozera ndikuyang'ana pansi.

"Iwenso?" anatero, n'kupumira m'mwamba. "Zaka zinayi ndikukuitana dzina la munthu wina, iwe n'kumavomera bwinobwino."

"Pepani, aphunzitsi."

"Usapepese ine. Si iwe woyamba. Chomwe ena amachita n'kupita kwa majisitireti ndi wamkulu wa kwawo, n'kukalumbira za mayina awowo. Sindikulonjeza kuti zikhala zophweka, koma yesani. Wamkulu wa kwanu ndani?"

"Amalume."

"Pita kwa amalume akowo lero lomwe. Kwatsala masabata asanu."

Mu envulopumo munali kalata yoitanira ndi pepala lina losonyeza zochitika za tsiku lililonse. Ndinaliwerenga mu minibasi. Tsiku loyamba, kufika mu mzinda wa Bangkok. Lachiwiri, kukaona akachisi. Lachitatu, ulendo wa pa boti mu mtsinje wodutsa mu mzindawo. Masiku awiri otsatira, ku mapiri a kumpoto kukaona minda ya mpunga yosanjikizana ngati masitepe. Tsiku lomaliza, kubwerera. Pansi pa pepalalo panali kachithunzi ka kachisi wa denga losongoka, lonyezimira. Ine kutali komwe ndinali nditafikako kunali ku Zomba, pomwe tinapita kukaona wodwala ku chipatala. Ndinawerenga pepalalo mpaka kondakitala anandigwedeza phewa.

Tinapita ku Rivirivi ndi amayi Loweruka. Amalume tinawapeza akusankha nandolo pa khonde. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosafulumira poyankhula, ndipo chimwalirireni bambo anga, nkhani iliyonse ya kwathu imathera kwa iwo. Anawerenga kalatayo kawiri, milomo ikugwedera.

"Iyi ndi nkhani yaikulu," anatero. "Ulemu wa mbumba yonse."

Princess anatuluka m'khitchini, mwana wake Noah atamugwira chitenje. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, amaluka anthu tsitsi pansi pa mtengo wa mango, ndipo pakamwa pake sipauma.

"Ndiye msuweni ukakwera ndege? Iwe womwe umasanza pa kabaza?"

"Ndinasanza kamodzi kokha."

"Kawiri. Kachiwiri unasanzira wakabaza kumsana. Ukandibweretsere mzungu, wamkulu bwino, wopanda mano, woti asachedwe kundisiyira chuma."

Onse anaseka, ngakhale amayi. Ndinafotokoza zomwe a Sabiti ananena za majisitireti. Amalume anamvetsera osandidula, kenako anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba la malaya.

"Ndisiyireni ine. Inu kazikonzekerani."

Ndinapempha kuti pepala la zochitika lija nditsale nalo. Anandipatsa.

Tinakonzekeradi. Amayi anagula nsalu yobiriwira n'kukasiya kwa telala wa pafupi ndi chigayo kuti andisokere diresi. Ine masana aliwonse, makasitomala akachepa, ndinkakhala kuseri kwa matumba n'kumayeserera Chingerezi chapansipansi. Ndinkadzifunsa mafunso omwe ndinkaganiza kuti akandifunsa, n'kumadziyankha ndekha. Ndinapempha mnyamata wochaja mafoni kuti andionetse dzikolo pa foni yake. Ndinaona amuna ometa mpala ovala nsalu zachikasu, misewu yodutsa pamwamba pa misewu inzake, ndi phiri lonse lathunthu lobiriwira ndi mpunga. Ndinkafuna kukaona mmene madzi amakwerera kumeneko. Kwathu mpunga umafuna dambo, ndipo sindinkamvetsa kuti anthu angaulime bwanji pa phiri.

Amalume tikawaimbira ankangoti, "Zikuyenda." Sabata yachiwiri ndinafunsa kuti kwa majisitireti tipita liti. Anati ndisade nkhawa. Sabata yachitatu itatha, anaimba okha kuti tibwere.

Ulendo uno anatilandirira m'nyumba, osati pa khonde. Princess sanatuluke. Amalume anayamba ndi pemphero, kenako anatulutsa kabuku m'Baibulo mwawo n'kukaika pa tebulo.

"Pasipoti yatuluka," anatero.

Ndinadabwa kuti yatuluka bwanji ine osajambulidwa, komabe dzanja langa linapita lokha. Ndinatsegula. Dzina linali lomwe lija, Princess Mulipa. Nkhope inali ya Princess, atamanga tsitsi kumbuyo, akuoneka ngati akudziletsa kuseka.

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Amayi anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Ndaganiza ngati mwinimbumba," anatero amalume. "Kwa majisitireti tikanakalumbira chiyani? Kuti ine Yotamu Mulipa, mkulu wa mpingo, ndinatenga mwana wa mlongo wanga n'kumulembetsa mayeso m'dzina la mwana wina? A hedi aja anatichitira chifundo atsala ndi chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Tiwathokoze powachotsetsa? Nanga iweyo, zotsatira za mayeso ako zisanatuluke n'komwe, ukufuna akuluakulu adziwe kuti wolemba mayesowo kulibe?"

"Chimangirizo ndinalemba ndine, amalume." Mawu anga anatuluka aang'ono kwambiri.

"Palibe akukana. Koma pamwamba pake unalemba dzina la yani?"

Ndinatseka pasipotiyo.

"Kalata yaitana Princess Mulipa. Princess Mulipa alipo, chiphaso ali nacho, ku ofesi sanatifunse chilichonse. A bungwe ndayankhula nawo, nambala yanga ali nayo. Tikanangokhala, mwayiwu ukanapita kwa mwana wa eni. Chonchi wakhala m'banja mommuno."

"Achimwene, mukanatiuza," anatero amayi.

"Ndikukuuzani pano, achemwali."

Ndinadikira kuti amayi anenenso kena. Anakonza chitenje chawo pa mawondo, n'kuyamba kuyang'ana kalendala ya pa khoma. Munda womwe timalima mpunga anatigawira ndi amalume. Mlongo wanga wamng'ono akadwala, njinga yamoto yomwe imabwera ndi ya amalume. Zonsezi ndinkazidziwa, komabe ndinadikira.

Ndinatuluka. Princess anali kuseri kwa khitchini akutsuka mapoto.

"Msuweni, usandiyang'ane ngati ndakulanda mwamuna."

"Unkadziwa tsiku lija?"

"Iyayi. Anandiuza Lolemba lake, tili kale m'basi yopita ku ofesi ya mapasipoti ku Blantyre." Anapitiriza kukwecha poto. "Koma nanenso ndikufunse. Dzina langa wayenda nalo zaka zisanu. Lakhala pa desiki, ladya nyemba za kusukulu, lavala yunifolomu. Mwini wake ndili pano ndi matewera. Anthu akamva kuti Princess Mulipa wakhoza, amabwera kudzandiseka. Ndiye ine kuyenda nalo sabata imodzi yokha, dziko lagwa?"

"Sudziwa n'komwe zomwe ndinalemba."

"Undiphunzitsa. Si ndiwe wanzeru wa m'banja muno?"

Ndinkafuna kumumenya ndi poto lomwelo. Koma ndinangoima, mpaka Noah anabwera kudzandikoka chala kuti ndikaone chule.

Patapita masiku awiri a Sabiti anaimba. Ndinali ndekha pa mzere wathu, amayi atapita kukatenga diresi kwa telala. Ndinayang'ana dzina lawo pa foni mpaka inatsala pang'ono kuduka. Ndinkadziwa kuti ndikangonena mawu ochepa, iwo aimbira a bungwe, ndipo Princess sakwera ndege. Ndinkadziwanso kuti nane sindikwera, ndipo mafunso sakathera pa ulendowo.

"Princess, zafika pati? Kwa majisitireti munapita?"

"Tinapita, aphunzitsi."

"Pasipoti?"

"Yatuluka."

"Alhamdulillah. Ndinkada nkhawa. Ukaone zonse, wamva? Usakakhale kumbuyo ngati mmene unkachitira m'kalasi. Ukafunse mafunso."

"Ndikafunsa, aphunzitsi."

Amayi anabwera ndi diresi mu jumbo. Sanaitulutse. Madzulo ake anandiuza, akuyang'ana kumbali, kuti amalume ati Princess alibe chovala chabwino, ndipo telala akhoza kuikulitsa m'chiuno.

Vuto lina linali lakuti amayi anali atauza msika wonse wa Nsanama kuti mwana wawo akupita kunja. Amalume anati sizingaoneke bwino kuti sabata ya ulendoyo anthu azindiona ndikuyeza mpunga, ndipo wina wa kusukulu akhoza kudutsa. Choncho anakonza zoti ndikakhale ku Rivirivi mpaka Princess atabwera. Anati zithandizanso, chifukwa Noah afunika womusamala.

Tsiku lomwe anthu ankaganiza kuti ndikunyamuka, amayi a pa mzere wathu anandiperekeza pa siteji. Wina anandipatsa mtedza wokazinga woti ndikadye mu ndege. Wina anati ndikamubweretsere mbewu ya kumeneko. Ndinakwera minibasi ndi chikwama changa, iwo akundibayibitsa, ndipo ndinakatsikira ku Rivirivi.

Masiku awiri omwe tinakhala limodzi asananyamuke, ndinamuphunzitsa Princess chimangirizo changa. Ankaloweza chiganizo choyamba, n'kuiwala tikafika chachitatu.

"Bwanji sunalembe za tsitsi, msuweni? Ndikanawaphunzitsa mpaka kulira."

Amalume anamuperekeza mpaka ku bwalo la ndege ku Lilongwe. Asananyamuke anamupatsa malangizo pa khonde, ine ndikumva. Anati asakadye chinthu chomwe sakuchidziwa, asakayankhule kwambiri, ndipo koposa zonse asakalowe m'nyumba za mafano, chifukwa ndi mwana wa mkulu wa mpingo.

Sabata imeneyo ndinaisunga ndi pepala lija. Mmawa uliwonse ndinkaliwerenga, n'kudziwa kuti lero ali pati. Tsiku la akachisi ndinachapa zofunda zomwe Noah anakodzera. Tsiku la boti ndinatunga madzi ku mjigo maulendo anayi. Amalume atabwerako ku Lilongwe, zithunzi zinayamba kufika pa foni yawo, ndipo ankandiitana kuti ndidzaone, ngati akundichitira zabwino. Princess pa galasi la m'chipinda cha hotelo, atavala diresi yobiriwira. Princess atagwira kapu ya juwisi. Princess pa mpando wa basi, milomo atatukula. Ndinkakulitsa chithunzi chilichonse ndi zala, kufunafuna zomwe zinali kumbuyo kwake. Pa chimodzi ndinaona kachidutswa ka denga lonyezimira pamwamba pa phewa lake. Pa china panali zenera, ndipo kunja kwake kunali chinthu chobiriwira chosaoneka bwino. Ndinachikulitsa mpaka chinangokhala timabokosi.

"Wamuona mnzako?" ankatero amalume. "Akutiimirira bwino."

Anabwera Lachinayi masana, mapazi atatupa. Anthu anadzaza bwalo. Anagawa maswiti, anaonetsa tisopo ta ku hotelo, anayerekeza mmene anthu a kumeneko amaperekera moni ataphatikiza manja, anthu n'kumaseka. Ine ndinadikira mpaka onse atapita. Tinatsala awiri pa mkeka, iye akusisita Noah kumutu.

"Ndiuze," ndinatero.

"Ndikuuze chiyani? Kotentha ngati ku Nsanje, koma m'basi mozizira ngati m'mochale. Chakudya chonse tsabola ndi shuga pamodzi. Nkhuku amaithira shuga, msuweni. Ndinakhalira buledi."

"Mzindawo?"

"Magalimoto. Nyumba zazitali. Mutu unkandipweteka."

"Akachisi?"

"Tinapita ku akachisi atatu. Pakhomo amavula nsapato. Ine ndinati sindilowa, ababa anandiletsa. Ndiye anzanga aja anati, basi Princess utisungire nsapato. Ndinakhala pa masitepe ndi nsapato za anthu khumi ndi awiri. Mzungu wina anandijambula, ankaganiza kuti ndikugulitsa."

"M'katimo munali chiyani?"

"Akuti chifano chachikulu chogona chammbali, chotalika ngati kuchoka pano kukafika pa mjigo. Akuti mapazi ake okha ndi aakulu kuposa chitseko. Ine ndinangomva kafungo ka zofukiza."

"Nanga ku mapiri? Madzi amakwera bwanji m'minda?"

"Madzi?" Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za mwezi. "Msewu wake ndi wokhotakhota. Ndinasanza njira yonse, ndiye usadzandiuzenso za kabaza, tafanana. Titafika ndinatsala m'basi. Tsiku linalo kunagwa mvula."

"Sunatsike n'komwe?"

"Ndinatsika kukakodza."

Ndinafunsa za chimangirizo. Anati tsiku lomaliza aliyense ankayenera kuwerenga chake pamaso pa alimi a kumeneko, koma iye analoza pakhosi n'kunena kuti mawu atha. Mtsikana wina wa ku Karonga anamuwerengera. Anthu anaomba m'manja kwambiri, ndipo mayi wina wokalamba anabwera ndi womasulira kudzafunsa za mbewu ya mu mtsuko ija, kuti imacha pakapita miyezi ingati.

"Unawayankha chiyani?"

"Ndinangomwetulira. Ndikanati chiyani?" Anasiya kuseka. Anayang'ana mapazi ake. "Msuweni, masiku onse aja palibe yemwe ndinacheza naye. Anzako aja amayankhula Chingerezi ngakhale potsuka mano. Ankadziwa kuti pali chinachake. Wina anandifunsa kuti mabuku a Fomu 4 tinawerenga ati, ine n'kunamizira kutsokomola. Ndinkawerenga masiku kuti ndibwerere."

Mwina ankafuna kuti ndimumvere chisoni. Anatulutsa kachikwama kakang'ono ka nsalu kokhala ndi chithunzi cha njovu, n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri monga mwa mwambo, n'kuthokoza.

Nditabwerera ku Nsanama, amayi a pa msika anandizungulira. Ndinawauza kuti kunali kotentha, kuti nkhuku amaithira shuga. Anaseka, nagwirana mapewa. Mayi wa mbewu uja ndinamuuza kuti pa bwalo la ndege salola. Amayi anga ankayeza mpunga osadzutsa mutu.

Patatha masabata awiri zotsatira za mayeso zinatuluka. A Sabiti anaimba kuti ndikatenge zanga Lolemba mmawa, ndipo a hedi akufuna kuti ndikayankhule kwa ophunzira onse za ulendo wanga. Ndinati ndili ndi chifuwa. Anati ndibwere nacho chomwecho.

Ndinafika belu lisanalire. A Sabiti anandiitanira m'kachipinda kosungira mabuku, n'kutseka chitseko. Pa tebulo panali mapepala awiri. Anandipatsa loyamba. Ndinali nditakhoza bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, bwino moti ndikanatha kupempha malo ku yunivesite. Pamwamba pake panali dzina lija.

"Wachita bwino," anatero, koma sanamwetulire. Anatembenuza pepala lachiwiri. Chinali chithunzi chomwe a bungwe anatumiza ku sukulu iliyonse: achinyamata asanu ndi akuluakulu awo ataima kutsogolo kwa phiri. Pansi pake panali mayina, kuyambira kumanzere. Kwa nthawi yoyamba ndinaona minda ija bwinobwino, masitepe obiriwira mpaka m'mitambo, ndi timipope ta nsungwi totsitsa madzi kuchoka pa munda wina kupita pa unzake. Madziwo sankakwera. Ankachokera pamwamba. Ndinaiwala kaye kuti ndili pati.

A Sabiti anaika chala pa munthu wachiwiri. "Uyu ndani?"

Ndinangoyang'ana nkhope ya Princess pa chithunzicho.

"A hedi sanachione. Chinafikira kwa ine. Tamvera, mwana iwe. Ndikutha kuganiza chomwe chachitika. Ukangondiuza kuti uyu si iwe, ndilemba kalata lero lomwe. Yemwe wachita izi ayankhe. Sindikudziwa kuti zikathera pati, ndipo sindingakunamize kuti pepala lili m'manja mwakolo likhala lotetezeka. Koma zomwe akuchitirazi si zoona, ndipo ndiima nawe."

Kunja belu linalira. Ndinamva mapazi a ophunzira akuthamangira ku bwalo. Ndinaganiza za amalume akuitanidwa, akufotokoza ndi mawu awo odekha aja, nthawi ino pamaso pa anthu osawaopa. Ndinazilakalaka kwambiri. Kenako ndinayang'ana pepala la zotsatira. Zaka zinayi zanga zonse zinali pamenepo, ndipo ndinalibe china.

"Ndine, aphunzitsi."

"Ndiwe."

"Eya."

Anayang'ana chithunzicho, n'kundiyang'ana ine. "Wanenepatu pamenepa."

"Chakudya chinali chambiri."

Kenako anapinda chithunzicho kanayi n'kuchiika m'thumba la thalauza.

"Chabwino, Princess. Akukudikira."

Zaka zinayi zonse pa sukulupo sindinayambe ndaimapo kutsogolo kwa anthu. Ndikafunsidwa funso m'kalasi, mawu ankanjenjemera mpaka anzanga ankandimalizira. Tsiku limenelo ndinakwera pa khonde la ofesi, ophunzira mazana atakhala pa udzu, ndipo mawu anga anatuluka osalala. Ndinawauza za mzinda wa misewu yosanjikizana. Ndinawauza kuti pa kachisi umavula nsapato, ndipo m'kati muli fano logona chammbali lotalika kuposa buloko ya Fomu 1, ndi fungo la zofukiza. Ndinawauza za boti. Ndinawauza za phiri, mmene nsungwi zimatsitsira madzi kuchoka pa munda wina kupita pa unzake, ndi za mayi wokalamba yemwe anandifunsa za mbewu ya amayi anga. Apa ndinanena kuti ndinamuyankha kuti imacha pakapita miyezi isanu, ndipo anagwedeza mutu. Palibe anatsokomola. Ngakhale anyamata a kumbuyo anasiya kugundana.

Anaomba m'manja nthawi yaitali. A hedi anati, "Mwamva nokha. Mtsikana wa ku Nsanama, wofatsa, wosadziwika. Nanunso mukalimbikira mudzafika komwe wafika mnzanuyu." A Sabiti anali ataima kumapeto kwa mzere wa aphunzitsi, manja ali m'matumba.

Ndikutuluka pa geti, kamtsikana ka Fomu 1 kanandithamangira. Siketi yake inali yaikulu, yopindidwa m'chiuno. Kanandigwira dzanja ndi manja onse awiri, kakupuma mofulumira.

"Achemwali, inenso kwathu timalima mpunga, ku Mposa. Chaka chamawa ndikufuna ndilembe nawo. Mungandiuze mmene munalembera?"

Kankandiyang'ana m'maso, kakudikira. Ndinachotsa dzanja langa.

"Ndisiye," ndinatero. "Ndikuthamangira minibasi."